Masamba Akuyoyoka, Ndere Zafiira: Mavuto a Bonsai ndi Kokedama ndi Mmene Mungawathetsere

Funso limakhala lomwelomweli, amangosintha ndi ofunsa: "Kamtengo kanga kakufota chonsecho ndikuthirira m'mawa ndi madzulo. Chavuta n'chiyani?" Kawirikawiri chavuta ndi kuthirirako. Bonsai ndi mtengo weniweni woleredwa m'kamphika kosaya. Kokedama ndi chomera chimene mizu yake amaiumbira mu mpira wa dothi n'kukutira ndi ndere, zija zofewa zobiriwira zimene zimamera pamiyala ndi pamakoma onyowa m'dzinja. Zonse ziwiri zimadalira dothi la manja awiri basi. Dothi lochepa chotere silichedwa kuuma, silichedwanso kukhuta madzi, ndipo chomera chimafota mofanana kaya chikufa ndi ludzu kaya chikumira.

Lusoli ndi la ku Japan, ngakhale kuti bonsai gwero lake ndi ku China, ndipo malangizo ambiri amene timawerenga analembera anthu a kumeneko, a ku Ulaya ndi a ku America. Pali ziwiri zimene zimatisokoneza. Choyamba ndi miyezi: akalemba kuti sinthani dothi mu Malichi, akunena nthawi imene mitengo yawo ikudzuka kuchoka m'chisanu, yomwe kuno ndi Ogasiti ndi Seputembala. Chachiwiri ndi dothi. Iwo ali ndi akadama, timibulu ta dongo lofiira lokumbidwa m'dera la Kanto ku Japan, ndi keto, matope akuda a zomera zoolerana m'madambo. Kokedama ambiri amaumbidwa ndi magawo 7 a keto ndi 3 a akadama. Ife timangopala dothi kuseri kwa nyumba n'kumayembekeza kuti lichita zomwezo.

## Musanachite chilichonse

- Zikani kamtengo kouma, konga kobayira kanyenya, mpaka pansi pa mphika. Kasiyeni mphindi 10. Kakatuluka koderako ndi kozizira, madzi akadalimo, musathire ena.
- Nyamulani mphika kapena mpirawo. Zolowerani kulemera kwake mukangothirira kumene, kuti dzanja lizikuuzani pamene wapepuka.
- Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, nthambiyo ili moyo. Mukakhala mouma, tsikirani m'munsi mpaka mupeze pamene moyo wathera.

Mukadziwa vuto, sinthani chinthu chimodzi n'kudikira. Munthu akagwidwa njakata amasamutsa mtengo, kuusintha dothi, kuudulira ndi kuuthira feteleza tsiku limodzi, ndipo mtengo umene ukanachira umathera pomwepo.

## Masamba akufota, akuchita chikasu kapena akuyoyoka

1. Madzi achuluka, mizu yayamba kuola. Ichi ndiye chimapha yambiri. Chimakonda kuchitika mu Januwale ndi Febuluwale kukachita mvumbi, komanso mu Juni ndi Julaye pamene mtengo ukumwa pang'ono koma mwiniwake akuthirirabe ngati mu Okutobala. Masamba a m'munsi ndi a mkati ndiwo amayamba chikasu, amakhala ofewa, ndipo dothi limatha masiku osauma. Mukanunkhiza pansi pa mphika mumamva fungo la matope a m'ngalande. Sololani mtengo pang'onopang'ono muone mizu. Yabwino ndi yolimba, nsonga zake zoyera. Yoola ndi yakuda, ndipo mukaikoka khungu limavuka m'zala n'kutsala kaulusi.

- Chotsani kambale ka pansi kamene kamasunga madzi, ndipo tsegulani zibowo ngati zatsekeka.
- Pendeketsani mphika poika kamwala mbali imodzi kuti madzi akhe. Nthawi ya mvumbi ulowetseni pakhonde.
- Ngati mizu yaola, dulani yakudayo ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti mpaka mufike pamene pali poyera, kenaka bzalani m'dothi lokhakhala.
- Usiyeni pamthunzi wowala kwa masabata awiri kapena atatu. Feteleza ayi, mpaka muone mphukira zatsopano.

Dothi lokhakhalalo mungapange nokha: zidutswa za njerwa yootcha zosaposa kukula kwa nandolo, mchenga wa miyalamiyala wa kumtsinje, ndi makungwa a paini oolerana, zonse mofanana muyezo. Sefani n'kutaya fumbi lonse. Ambiri zimawapweteka mtima kutaya fumbilo poganiza kuti ndilo chonde, koma ndilo limatseka mipata imene mizu imapumira.

2. Ludzu. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, kamphika kosaya kamene mwathirira m'mawa kakhoza kuuma gwaa dzuwa lisanapendeke, makamaka kakakhala pasimenti yotentha kapena pamphepo. Masamba amauma kuyambira m'mphepete, amapindika, amachita khwakhwa mukawagwira, ndipo nthawi zambiri amakanirira kunthambi osagwa. Mizani mphika wonse m'beseni kwa mphindi 10 mpaka 15, ukwezeni pathandala, ndipo upezereni malo a dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Musathamangire kudula nthambi. Kachere wothothoka masamba onse amatha kuphukanso pakapita masabata angapo, bola khungwa likadali lobiriwira mkati.

3. Mwausamutsa, kapena kuwala kwachepa. Kachere ndi abale ake onse a mtundu wa Ficus amagwetsa masamba akadali obiriwira mukangowasintha malo. Mankhwala ake n'kuusiya pamalo amodzi owala. Vuto lalikulu ndi la pabalaza. Chipinda chimene maso athu amati n'chowala, kwa mtengo ndi mdima. Ngakhale ku Japan bonsai amakhala panja, amangoulowetsa m'nyumba masiku ochepa kuti alendo auone, n'kuubweza. Ngati mukufuna wa m'nyumba, sankhani Ficus kapena spekboom, kachitsamba ka masamba onenepa ka ku South Africa, ndipo akhale pawindo penipeni.

4. Ndi nyengo yake. Mlambe umayoyola masamba mvula ikatha n'kukhala zii miyezi yonse yozizira. Sunafe, wagona. Lekani kuuthirira, muuike posafika chiperoni, mpaka muone timaso tikutupa nyengo ikatentha. Milambe yambiri ya m'miphika imaola mu Julaye chifukwa cha chifundo cha eni ake.

5. Feteleza wautentha. Urea kapena CAN wotsala kumunda, ngakhale kodzaza chitsekerero cha botolo, ndi wochuluka m'kamphika ka bonsai. Nsonga za masamba zimapsa patangopita masiku ochepa. Tolani timibulu totsala, tsukuluzani dothi ndi madzi ambiri maulendo angapo, ndipo mtsogolo gwiritsani ntchito feteleza wamadzi pa theka la muyezo wolembedwa pabotolo, kapena timibulu ta manyowa ofufika bwino toikidwa pamwamba. Mtengo wodwala sadyetsa feteleza.

## Madzi akudikha pamwamba, kapena akungothawira m'mbali

1. Dothi ndi losalala kwambiri. Makande ndi dothi la pachulu zimachita chikhokho pamwamba. Pongodikira nthawi yosintha dothi, bayanibayani ndi kamtengo mpaka pansi.
2. Mizu yadzaza mphika. Mtengo umayamba kudzikweza wokha, kamtengo sikalowanso m'dothi, ndipo mukasolola mumapeza mizu itazungulirazungulira. Wafika posintha dothi.
3. Dothi linauma kwambiri n'kunyala, nkusiya mpata m'mbali mwa mphika. Madzi amatulukira pansi msanga, inu n'kumati mwathirira, chonsecho pakati n'pouma. Mizani m'beseni.

Posintha dothi dikirani timaso tiyambe kutupa. Mitengo ya kotentha monga kachere ndi bougainvillea imachira bwino usiku ukasiya kuzizira. Pesani mizu ndi kamtengo, dulani yosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mangani mtengo kumphika ndi waya wodutsa m'zibowo za pansi. Mtengo wogwedezeka ndi mphepo umadula timizu tatsopano tisanagwire.

## Juniper watuwa, masamba akuphwanyika m'manja

Pano nkhani yake n'njowawa. Juniper (mtengo wofanana ndi mkungudza) ndi paini zimakhalabe zobiriwira kwa masabata mizu itafa kale, ndiye mukamaona kutuwa, nthawi zambiri mtengo unapita kalekale. Zoyambitsa, kuyambira chofala: kuusunga m'nyumba, kuiwala kuuthirira, ngakhale kamodzi kokha, m'nyengo yotentha, kangaude wofiira, ndi kudula mizu pa nthawi yolakwika. Kandani khungwa m'munsi mwa thunthu. Mukapeza pobiriwira, utulutseni panja pamthunzi wowala, muziwaza masamba madzi, ndipo muusiye. Nthambi ya juniper imene yatha masamba onse siphukanso, choncho podulira muzisiya masamba kunsonga ya nthambi iliyonse imene mukuifuna.

## Ndere za pa kokedama zafiira kapena zatuwa

1. Mpweya wouma ndi dzuwa. Ndere zilibe mizu yeniyeni, zimamwera m'timasamba take, ndiye kunyowa kwa mkati mwa mpira sikuzithandiza kwenikweni ngati mpweya uli wouma. Tinene zoona: ku Zomba, Mulanje, Thyolo ndi Mzuzu ndere zimakhala mosavuta, koma ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Salima kuzisunga zobiriwira mu Okutobala ndi nkhondo imene ambiri sapambana. Nthawi zambiri sizinafe, zangogona. Ziwazeni madzi madzulo, muone m'mawa. Zikatambasuka n'kubiriwirako zili moyo. Chotsani mpira padzuwa la masana ndi pafupi ndi fani, muziwaza m'mawa ndi madzulo, ndipo muuike pambale ya timiyala tonyowa koma usakhudze madziwo.

2. Madzi a mchere. Madzi a pamjigo m'madera ambiri amasiya zoyerayera pa ndere ndi m'mphepete mwa miphika. Mtengo umapirira, ndere ayi. Tungani madzi a mvula m'dzinja muzisunga m'chigubu chotseka. A pampopi muziwagoneka usiku m'ndowa yosavindikira.

3. Chomera ndi ndere sizikugwirizana. Ndere zimafuna chinyontho ndi mthunzi. Mukakulunga chomera chokonda dzuwa ndi kouma, chimodzi mwa ziwirizi chidzafa ndithu. Zomera za pamthunzi monga fern, pothos ndi spider plant ndizo zimayenda bwino ndi ndere.

4. Feteleza wawazidwa pamwamba. Amatentha ndere. Musungunulireni pang'ono m'madzi amene mumamizamo mpira pothirira, kamodzi pamwezi m'nyengo imene chomera chikukula.

5. Nkhuku ndi mbalame. Mukapeza ndere zitafukulidwa zidutswazidutswa pansi, musaganize za matenda. Pachikani mpirawo kapena ukwezeni.

Palinso ndere zogulitsidwa m'mapaketi zimene anaziumitsa n'kuzipaka utoto wobiriwira. Zimenezo ndi zakufa kale, ndipo utoto ukasuluka palibe madzi amene angazidzutse.

## Mpira ukununkha, wachita chuku, kapena tintchentche tikuuluka

Zitatu zonsezi mayi wake ndi mmodzi: mpira sukuumako. Mwina mukuumiza pa tsiku loikika osayamba mwaunyamula, mwina wakhala m'mbale momwe mwadikha madzi, mwina uli pakona popanda mphepo, monga kubafa kopanda windo.

- Mizani pokhapokha wapepuka. Usiyeni m'madzi mpaka thovu litasiya kutuluka, ufinyeni pang'ono ndi manja awiri, ukhe kaye musanaubweze.
- Chuku choyera pukutani ndi kansalu, kenaka ikani mpira podutsa mphepo.
- Tintchentche takuda timaikira mazira m'dothi lonyowa nthawi zonse. Mpira ukamaumako pakati pa kuthirira, timatha tokha.
- Tsinde likafewa n'kuda pamene lalowera mu mpira, masulani zonse. Dulani nsonga yabwino muibzale payokha, dothilo tayani.

Mpira wouma kwambiri umayandama n'kukana madzi. Ukanikizireni pansi ndi dzanja kapena kamwala mpaka ulemere.

## Mpira ukusweka kapena mizu yatulukira kunja

1. Ulusi waola. Wa thonje ndi chingwe cha khonje zimaola pakapita miyezi. Kulungani wina pamwamba. Wa nayiloni kapena chingwe chowedzera nsomba zimakhalitsa.
2. Dothi silinagwirane. Yesani musanaumbe: pangani kampira, kaponyeni m'mwamba pang'ono n'kukawakha. Kakaphwasuka onjezani dongo. Kakamata m'zala n'kumanyezimira, dongo lachuluka ndipo kakauma kadzang'ambika, ndiye onjezani manyowa a masamba osefa ndi timakala tophwanya.
3. Chomera chakula. Mizu ikatuluka mbali zonse ndipo mpira ukuuma tsiku lomwelo, pakhala patatha chaka kapena ziwiri. Gawani chomera, kapena umbani mpira wokulirapo.

## Masamba akunata, ali ndi timadontho, kapena nyerere zikukwera

Nyerere sizidya mtengo. Zimatsata timadzi totsekemera totuluka m'tizilombo tina, ndiye zitsatireni ndi maso muone kumene zikupita.

- Nsabwe za m'masamba: zimaunjikana kunsonga zanthete. Zitsukeni ndi madzi amphamvu.
- Kodikodi: woyera ngati thonje, amabisala m'mphanda za nthambi, monga amachitira pa chinangwa. Mukhudzeni ndi thonje loviika mu spiriti.
- Tizikamba tomata pakhungwa: sitiyenda, timaoneka ngati timatuza tofiirira. Tikandeni ndi chikhadabo kapena mswachi wakale.
- Kangaude wofiira: yemwe uja amavutitsa alimi a tomato kukatentha. Masamba amachita timadontho totuwa. Gwedezerani nthambi papepala loyera. Timadontho tikayamba kuyenda, ndi iyeyo. Tsukani kunsi kwa masamba masiku angapo aliwonse.
- Chiswe: chimalowera m'zibowo mphika ukakhala padothi. Kwezani miphika pathandala la miyendo yachitsulo, ndipo muziika kasefa pachibowo chilichonse.

Madzi a sopo pang'ono kapena a nimu amathandiza pa nsabwe ndi kodikodi. Yesani kaye patsamba limodzi, poperani madzulo, bwerezani pakatha sabata chifukwa mazira amatsala, ndipo phimbani ndere kuti sopo asazikhudze. Chomera chogwidwacho chipatuleni kwa zinzake.

## Waya walowa m'khungwa, kapena nthambi yathyoka

Chofala ndi kuiwala. M'dzinja kachere amanenepa msanga moti waya amene munakulunga mu Disembala akhoza kuluma khungwa Januwale asanathe. Muziona sabata iliyonse. Wayamba kuluma, muduleni mpindo ndi mpindo ndi pulayala, musamumasule ngati mukusombola ulusi, chifukwa amasenda khungwa ndi kuthyola timaso. Chipsera chosaya chimatsekeka pakapita nthawi pa Ficus, koma pa mitengo ya khungwa losalala chimaoneka kwa zaka.

Nthambi ikabwerera mwakale mutachotsa waya, ndiye kuti waya anachepa kapena munamuchotsa msanga. Waya azikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nthambi, ndipo mipindo yake izipendekeka madigiri 45. Wa aluminiyamu ndiye woyenera oyamba kumene. Wachitsulo amachita dzimbiri ndipo ndi wouma. Bougainvillea ndi mthethe zikakhwima zimathyoka mosachenjeza, choncho pindani zikadali zanthete, kapena zikokereni pansi ndi chingwe pang'onopang'ono. Nthambi ikang'aluka koma khungwa likadagwira mbali imodzi, ibwezereni, imangeni ndi tepi, ndipo musaikhudze mpaka nyengo ina.

## Nthambi zikutalika, masamba akukula kwambiri

Kuwala kwachepa, ndicho choyamba. Chachiwiri ndi feteleza wochuluka, chachitatu kusadulira. Pa Ficus lolani mphukira ifike masamba 6 mpaka 8, kenaka dulani musiye awiri. Jacaranda ngakhale mutatani masamba ake sachepa kwenikweni, ndiye ingomulolani akhale bonsai wamkuluko.

## Pamene muyenera kuleka n'kufunsa odziwa

- Mtengo ndi wakale, wodula, kapena wosiyiridwa ndi malemu, ndipo ukufunika kudula mizu yambiri kapena kupinda nthambi yonenepa kuposa chala chachikulu. Pezani munthu amene wakhala akulera bonsai kwa zaka. Amene muli ku South Africa muli ndi mwayi, chifukwa m'mizinda ngati Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town muli magulu a olera bonsai.
- Kuola kwafika m'thunthu, khungwa likutuluka madzi onunkha, kapena mukuona timabowo totuluka utuchi.
- Zomera zingapo zadwala nthawi imodzi mofanana, kapena vuto layamba mutabweretsa chomera chachilendo. Onanani ndi alangizi a zaulimi kapena a nazale yodalirika. Tengani tsamba lodwala m'pepala lapulasitiki lomanga, chithunzi cha mtengo wonse ndi cha mizu, ndipo muwauze dothi lake, madzi ake ndi zonse zimene mwathirapo.
- Sopo ndi nimu zalephera ndipo mukuganiza zogula mankhwala. Funsani kaye. Musagule osalembedwa a m'timabotolo ta pamsika, ndipo musapopere m'nyumba kapena pakhonde posewerera ana.
- Mukufuna kukumba mtengo kapena kusenda ndere kuthengo. M'nkhalango zotetezedwa, monga paphiri la Zomba ndi la Mulanje, simutenga kanthu popanda chilolezo cha a zankhalango. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, ndiye umenewo n'ngosakhudza n'komwe. Ndere za pakhoma panu ndi kachere womera m'ming'alu ya njerwa n'zokwana kuyambira.

Zina ndi za kuchipatala, osati za kunazale. Utomoni woyera wa Ficus umayabwa pakhungu ndipo ukalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Azalea ndi adenium zili ndi poizoni, pothos amatentha m'kamwa. Mwana akatafuna, thamangani naye kuchipatala mutatenga tsamba la chomeracho, ndipo chiweto chipite kwa alangizi a ziweto. Ndere zogula za mtundu wotchedwa sphagnum nthawi zina zimakhala ndi kachilombo koyambitsa matenda a pakhungu otchedwa sporotrichosis, kamene kamalowera pabala. Valani magolovesi poumba, makamaka ngati mwadzicheka. Mukaona kachotupa kapena kachilonda padzanja kamene katha masabata osapola, mwinanso tina tikutuluka motsatana kukwera mkono, pitani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala kuti mumagwira dothi ndi ndere.